Kodi Vinyo Wogonera Ndiye Wabwino?

Chaka china, Khirisimasi iri pafupi, ndinapita kukacheza kwa alamu anga ku Kawale, mu mzinda wa Lilongwe. Titatha kulonjerana, iwo analowa kuchipinda natulutsa chigubu chachikasu chimene chinali kunsi kwa bedi. "Alamu, lero mulawa vinyo weniweni," anatero. "Ndinafulula ndekha ndi nthochi mwezi wa Malichi. Wagonera miyezi 9 yathunthu. Ngakhale wa m'sitolo sangafikepo."

Atangotsegula chigubucho, m'nyumba monse munadzaza fungo lowawasa. Pamwamba pa vinyoyo panali patayala zoyera zoterera, ndipo iye mwini anali atada ngati madzi otsukira mphika. Nditafunsitsa, ndinamva kuti alamu ankatsegula chigubucho Loweruka liri lonse kuti alaweko, kotero kuti chinali chitafika theka. Nyengo yonse yotentha chinali m'kachipinda kofolera ndi malata, ndipo nsenga za nthochi zinali zikadali pansi pake. Iwo sanafune kugonja. "Kuwawasako ndiye mphamvu yake, alamu," anandiuza. Tinatsutsana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pomaliza tinakakhuthula chigubucho kudzala. Shuga wa makilogalamu 5, mkoko wathunthu wa nthochi ndi miyezi yonse ija zinapita pachabe.

Alamu anga sali okha. Ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona kuli anthu amene amapanga vinyo m'nyumba zao, amene ambiri amangomutcha kuti wayini. Ena amapangira nthochi, ena mapapaya, magwafa, nanazi, malambe kapena chidede, ndipo ena masamba a tiyi ndi shuga basi. Inu a kumudzi nkhaniyi ikukukhudzaninso, pakuti zipatsozo zimachokera m'minda yanu, ndipo abale anu a m'tauni akamabwera kumaliro kapena kuukwati amanyamula botolo, nanyamulanso luso la kapangidwe kake. Ogulitsa ali ndi mau amodzi okopera wogula: "Uyu ndi wogonera." Wogula akamva choncho, mtima umakhala pansi.

Maganizo anga ndi awa. Kugonera kungathe kukometsa vinyo amene anapangidwa mwaukhondo ndi kusungidwa bwino, koma ntchito yake imathera pakukoma pomwepo. Kugonera sikuonjezera mphamvu, sikuchotsa chiphe, ndiponso sikusandutsa mowa kukhala mankhwala. Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Ananena za mau. Sananene za chiri chonse chimene chagona m'chigubu.

CHIMENE CHIMACHITIKA M'CHIGUBU

Tiyeni tiyambe taona mmene vinyo amapangikira. Yisiti amene timathira mu madzi a zipatso ndi tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tizamoyoti timadya shuga ndi kutulutsa zinthu ziwiri: mowa ndi mpweya. Thobvu limene mumaona, ndi phokoso lija lomveka ngati mvula ya mawawa, ndiwo mpweyawo ukutuluka. Kuno kwathu kotentha, kuwira kwakukulu kumatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka kumapitirira pang'onopang'ono kwa masabata ena angapo.

Yisiti amaleka ntchito shuga akatha, kapena mowa ukachuluka mpaka kumupha iye mwini. Kawirikawiri zimenezi zimachitika mowa ukafika magawo 14 kapena 15 pa magawo 100 ali onse, ndipo yisiti wa buledi, amene ambiri amagula pagolosale, amatopa asanafike n'komwe pamenepo. Yisiti akaleka, mphamvu ya vinyo yafika pamapeto. Ngakhale mutamusunga zaka 10, sadzaonjezera ukali. Tsono munthu akakuuzani kuti vinyo wake amagwetsa msanga chifukwa wagonera chaka, dziwani kuti mwina akudzinamiza yekha, mwinanso wathiramo china chimene sakufuna kukuuzani.

NTCHITO YENIYENI YA NTHAWI

Sindikukana kuti nthawi iri ndi ntchito yake. Vinyo wongotha kumene kuwira amakhala wa mbuu, wonunkha yisiti, ndi wokanda pakhosi. Akakhala phee kwa miyezi 3 mpaka 6, yisiti wakufa ndi tizidutswa ta zipatso zimatsikira pansi, vinyo nayera mpaka kuonekera kuseri kwa botolo. Kukanda kuja kumachepa, ndipo fungo la chipatso limayamba kumveka. Uku ndiko kukhwima kwa vinyo.

Koma kukhwima kuli ndi malire, monga mmene papaya amapsera kenaka n'kuola. Vinyo wa zipatso zathuzi amafika pabwino pake chaka chisanathe, ndipo akapyola zaka ziwiri kawirikawiri amayamba kusukuluka. Ngakhale m'maiko monga France ndi South Africa, kumene amalima mphesa zochuluka, vinyo wambiri amapangidwa kuti amwedwe pa zaka zowerengeka. Amene amasungidwa zaka makumi ndi wochepa, wochokera ku mphesa zapadera, ndipo amakhala m'zipinda za pansi pa nthaka, zamdima, zozizira pafupifupi madigiri 13 chaka chonse. Kodi kunsi kwa bedi kwa Chinsapo mwezi wa Okotobala kungafanane ndi kumeneko? Mwezi umenewo kutentha kwa mu Lilongwe kumapyola madigiri 30, ndipo m'nyumba yamalata kumaposa pamenepo.

ADANI ANAI A VINYO WOSUNGIDWA

Mdani woyamba ndi mpweya. Kalekale anthu sankadziwa chimene chimasasitsa vinyo, mpaka katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anafufuza nkhaniyi nalemba buku lake mu 1866. Iye anaonetsa kuti pali tizirombo tina timene timalowa mu vinyo, ndipo tikapeza mpweya timasandutsa mowa kukhala viniga. Tintchentche ting'onoting'ono tija timaunjikana pa nthochi zakupsa timanyamula tizirombo timeneti. Chigubu cha theka chiri ndi mpweya wochuluka pamwamba pake, ndipo nthawi iri yonse pamene mutsegula kuti mulawe mumalowetsa wina. Vinyo akasanduka viniga sabwereranso, ngakhale mutathiramo shuga wochuluka bwanji.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Kutentha kumafulumizitsa kuonongeka kwa chakumwa monga kumachitira ndi ndiwo zogona. Vinyo amene akanakhala chaka pamalo ozizira amatha ntchito pa miyezi yochepa m'chipinda chotentha. Amada, nataya fungo lake.

Mdani wachitatu ndi kuwala kwa dzuwa. Ndicho chifukwa chake mabotolo ambiri a vinyo amakhala obiriwira kapena akuda. Botolo loyera loikidwa pawindo kuti odutsa alione likuononga chimene chiri m'kati mwake.

Mdani wachinai, amene ali woopsa kwa moyo kuposa onsewa, ndi chosungiramo. Vinyo ali ndi asidi, ndipo mowa umasungunula zinthu zambiri zimene madzi sasungunula. Mukamusunga mu ndowa yachitsulo, mu mgolo wadzimbiri kapena m'chitini cha penti, iye amanyambita chitsulocho tsiku ndi tsiku. Mukamusunga m'chigubu mmene munali petulo, palafini kapena mankhwala opopera fodya, thonje ndi tomato, amatulutsa mankhwala amene analowerera mu pulasitiki, ngakhale munatsuka ndi sopo kangati. Pamenepa kugonera kukugwira ntchito yosiyana ndi imene mwini akuyembekeza: tsiku liri lonse loonjezera likuonjezera chiphe.

MASESE, THOBWA NDI KACHASU

Tisaiwale zakumwa zathu zachikhalire, pakuti chikhulupiriro cha kugonera chafikanso kumeneko. Masese ndi mowa wamoyo, wosasefedwa, umene ukadali kuwira pamene ukumwedwa. Mphamvu yake ndi yochepa, ndipo singaletse tizirombo tina kuswana. Amayi onse ofulula amadziwa kuti masese akapyola masiku ake amasasa, ndipo womwa amatsegula m'mimba. Mowa umenewu ulibe kukhwima kwa miyezi.

Thobwa nalo limasintha. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi chakumwa chabwino, chopatsa mphamvu kwa ana ndi akulu omwe. Likagona masiku angapo pamalo otentha limayamba kuwira, ndipo shuga wa m'chimera amasanduka mowa. Makolo ambiri amamwetsa ana ao thobwa lotere osadziwa kuti akuwamwetsa mowa. Amayi oyembekezera nawonso amamwa poganiza kuti likadali thobwa. Likayamba kuchita thobvu ndi kuluma lilime, lasiya kukhala chakumwa cha mwana.

Kachasu ndiye sasintha konse. Mmene analowera m'botolo ndi mmene adzatulukire. Ngati anatchezedwa ndi paipi yadzimbiri kapena yolumikizidwa ndi mtobvu, mtobvuwo ukhala momwemo mpaka tsiku lomwedwa, ndipo udzapita kukaononga magazi, impso ndi ubongo.

NTHAWI SICHOTSA CHIPHE

Pali phunziro lowawa limene linachokera kwa anansi athu a ku Mozambique. Pa 9 Januwale 2015, anthu a ku Chitima, m'chigawo cha Tete, anamwa mowa wa chimanga wotchedwa pombe pochokera kumaliro. Anthu oposa 200 anadwala, ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mai amene anafulula mowawo. Poyamba mbiri inawanda yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Koma akatswiri atapima mowawo, zinadziwika mwezi wa Novembala chaka chomwecho kuti munalibe ndulu iri yonse. Chimene chinapha anthu chinali chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi tizirombo timene tinaswana mu ufa wa chimanga. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuonongeka. Anthu anaona kuti sungaphikidwe nsima, koma anaganiza kuti ku mowa ulibe kanthu.

Kodi maganizo amenewa si athu omwe? Ndi kangati timasankha chimanga chachuku ndi kunena kuti ichi n'cha mowa? Ndi kangati zipatso zoola zimene zatsala pamsika zimagulidwa motchipa ndi opanga vinyo? Timakhulupirira kuti moto ndi kuwira zidzayeretsa zonse. Zoona zake n'zakuti chiphe cha ku Chitima sichimva moto, chiribe fungo, ndipo lilime silingachizindikire. Chiphe cha chuku, chimene a chipatala amachitcha aflatoxin, nachonso sichitha ndi kuphika, ndipo chikalowa m'thupi kwa zaka zambiri chimayambitsa khansa ya m'chiwindi. Choipa chikalowa m'chigubu tsiku loyamba, mudzachipeza momwemo tsiku lotsiriza.

Chiphe china ndi methanol, mtundu wa spiriti wogwiritsa ntchito m'mafakitale. Mu vinyo wa zipatso amapezekamo pang'ono chabe mwachilengedwe. Ngozi yaikulu imadza pamene wogulitsa wosakhulupirika athira spiriti wa mtundu umenewu mu chakumwa chake kuti chigwetse msanga, kenaka nauza anthu kuti ukaliwo ndi wa kugonera. Masipuni a tiyi awiri okha a methanol angachititse munthu khungu mpaka kalekale, ndipo masipuni 6 angamuphe. Kuipa kwake n'kwakuti zizindikiro zimachedwa. Munthu amagona ngati waledzera chabe, koma pakapita maola 12 mpaka 24 amayamba kumva mutu, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira ndi kuona zinthu ngati muli nkhungu. Sitinaiwale za anthu a ku Manase, mu mzinda wa Blantyre, amene anamwalira mwezi wa Epulo 2024 atamwa mowa wosadziwika kapangidwe kake umene anthu anautcha "Ambuye Ntengeni". Dzina lokhalo likanayenera kutichenjeza.

ENA ADZANENA KUTI

Ndikudziwa kuti ena adzati, "Makolo athu ankafulula ndi kumwa, koma anafika pokalamba." N'zoona. Koma taonani mmene ankachitira. Ankafulula ndi mapira, mawere ndi chimanga cha m'nkhokwe yao, chimene anachidziwa chiyambire kumunda. Ankafululira mu mbiya zadothi. Mowa unkamwedwa masiku ake omwewo, pa dima, pa chinamwali kapena pa mpalo, ndipo ukatha anthu ankabwerera ku ntchito zao. Panalibe zigubu za mankhwala, panalibe spiriti, ndipo panalibe wofuna kupindula pa mnzake pomugwetsa ndi kapu imodzi.

Enanso adzati, "Nanga amayi amene amalipirira ana sukulu ndi malonda amenewa adye chiani?" Funso ili ndi lolemera, ndipo sindikulipeputsa. Moyo wa m'tauni ndi wa ndalama, ndipo mai wamasiye wa ku Mgona amene akugulitsa vinyo kuti apeze ndalama ya nyumba si mdani wathu. Koma iye yemweyo ndi amene amaluza vinyo akasasa, ndipo ndi amene adzayankha mlandu womwa akabvulala. Ukhondo umateteza wogula ndi wogulitsa yemwe. Ku Karonga amayi ena anapanga magulu opangira vinyo wa nthochi pamodzi, ndipo pagulu mpamene anthu amaphunzitsana kusefa, kutsuka mabotolo ndi kudikira nthawi yoyenera. Amene akufuna kuti malonda ao akule apite ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, kuti chakumwa chao chikapimidwe.

Pali chikhulupiriro china chimene ndimachimva kawirikawiri pa sikelo ya amayi oyembekezera, chakuti vinyo wofiira, makamaka wa chidede wogonera, amaonjezera magazi. Amayi, kufiira kwa chakumwa si magazi. Mowa umene mai amamwa umadutsa m'thupi mwake n'kufika kwa mwana wa m'mimba, ndipo ungaononge ubongo wake moti sadzachira moyo wake wonse. Vinyo wogonera zaka 5 ali ndi mowa womwewo umene uli mu vinyo wa dzulo. Ngati anamwino akuuzani kuti magazi ndi ochepa, imwani mapiritsi oonjezera magazi amene akupatsani, ndipo idyani bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba, usipa ndi chiwindi. Chidede chophikidwa ngati tiyi kapena ndiwo, chopanda yisiti, ndi nkhani ina.

Tinene poyeranso kuti ngakhale vinyo wopangidwa bwino koposa ndi mowa ndithu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa. Mu Januwale 2023 bungwe lomweli linanena kuti palibe muyeso wa mowa umene tingati ulibe ngozi pa thanzi la munthu. Boma lathu linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 poona mmene unkaonongera achinyamata. Tisalole kuti bvuto lomwelo libwerere m'nyumba zathu litabvala dzina laulemu la vinyo.

TICHITE CHIANI TSONO?

Njira yabwino koposa ndiyo kusamwa. Koma popeza alipo amene adzapangabe ndi kumwa, ndikupempha kuti asunge malangizo awa:

1. Chipatso, ufa kapena chimanga chimene simungapatse mwana wanu kuti adye, musachiike mu mowa. Chachuku ndi choola malo ake ndi kudzala.

2. Gwiritsani ntchito madzi owiritsa, ndipo tsukani ziwiya zonse ndi madzi otentha. Sambani m'manja ndi sopo musanayambe.

3. Sungirani mu botolo lagalasi, kapena m'chigubu mmene munali chakudya chokha, monga mafuta ophikira. Musayerekeze kusungira m'chitsulo kapena mmene munali mankhwala.

4. Kuwira kukatha, tsanulirani vinyo mosamala mu botolo lina, nsenga zitsale. Nsenga zikakhalitsa zimaola ndi kununkha ngati dzira lobvunda.

5. Dzazani botolo mpaka m'khosi, tsekani zolimba, lembanipo tsiku, ndipo ikani pamalo amdima ndi ozizira. Musatseke vinyo akadali kuwira, chifukwa botolo lingaphulike ndi kubvulaza ana.

6. Musathiremo spiriti, madzi a batire, feteleza, mapiritsi kapena mizu yosadziwika.

7. Vinyo akachita zoyera kapena nkhungu pamwamba, akamatanuka ngati therere, kapena akamanunkha palafini, tayani. Musamvere chisoni shuga amene munagula.

8. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana osakwana zaka 18, odwala chifuwa chachikulu, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu kapena chiwindi, asalawe n'komwe. Amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala ena ali onse, funsani adokotala anu.

9. Munthu akamwa chakumwa chiri chonse n'kuyamba kuona mwachimbuuzi, kusanza kosalekeza kapena kupuma mobvutikira, musati ndi matsire, ndipo musataye nthawi kufunafuna mfiti. Thamangirani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mutanyamula botolo la chimene anamwacho. Uzaninso onse amene anamwa naye kuti apite akapimidwe ngakhale akumva bwino.

Inu amene mwawerenga nkhaniyi muli pa benchi kudikira kuonana ndi adokotala, kaifotokozereniko anzanu kumudzi, makamaka amene sadziwa kuwerenga. Tsiku lina m'bale wanu akadzakutulutsirani botolo nanena kuti ndi wogonera, musachite manyazi kumufunsa kuti, "Wapangidwa ndi chiani? Wagonera m'chiani? Wagonera pati?" Ngati sakuyankhani momveka, pemphani madzi akumwa. Safunsa anadya phula.

Alamu anga aja sanaleke kupanga vinyo, ndipo sindingakunamizeni kuti ndinawagonjetsa pa zonse. Koma chigubu chachikasu chija tsopano amatungira madzi othirira maluwa. Amasungira m'mabotolo agalasi olembedwa tsiku, ndipo mkazi wao atakhala ndi pakati, iwo eni ndi amene anamuuza kuti asalawe ngakhale dontho.